Mutu ndi wake, thupi ndi lobwereka: mmene Agiriki ndi Aroma akale ankasemera akazi

Pakati pa 1709 ndi 1711, anthu okumba chitsime pamudzi wa Resina, pafupi ndi Naples ku Italy, anaboola nthaka mpaka kufika m'bwalo la zisudzo la Herculaneum, mzinda umene phiri la Vesuvius linaukwirira m'chaka cha 79 AD. Mwa zimene zinatuluka m'dzenjemo munali ziboliboli zitatu za akazi, zosemedwa pamwala wa mabo, zimene lero zili ku Dresden m'dziko la Germany. Chimodzi ndi cha mayi wofunda nsalu mpaka kumutu. Ziwiri ndi za mtsikana wosafunda kumutu, amene akuponya nsonga ya nsalu paphewa lakumanzere. Pamene ofukula zakale ankapitiriza kukumba ku Greece, ku Turkey, kumpoto kwa Africa ndi ku Italy komweko, matupi awiri omwewa ankangotulukabe, chigongono chili pomwepo, mapindo a nsalu ali pomwepo. Odziwika pano apitirira 300. Chimene chimasintha ndi dzina lolembedwa pansi, ndipo kawirikawiri mutu. Ambiri ali ndi dzenje pakati pa mapewa, polowetsapo mutu wosemedwa padera.

Ife tinazolowera chithunzi cha kamera, chimene chimagwira munthu mmene alili. Chiboliboli cha mkazi wa ku Greece kapena ku Roma chinali uthenga wa zidutswa zolumikiza. Thupi linkanena khalidwe limene mkaziyo ankayembekezeka kukhala nalo, nsalu inkanena chuma cha pakhomo, tsitsi linkanena nthawi ndi gulu lake, ndipo mawu a pansi ankanena kuti ndi mwana wa yani, mkazi wa yani. Osema amene mayina awo anatsala ndi amuna, ndipo olipira ambiri anali abambo a mkaziyo, mwamuna wake kapena akuluakulu a mzinda. Wofuna kupeza mkazi weniweni m'mwalamo ayenera kusiyanitsa chimene chili chake, chimene anamubwerekera, ndi chimene chinatayika m'njira.

Anyamata amaliseche, atsikana ovala

Kuyambira cha m'ma 650 BC mpaka 480 BC, Agiriki ankasema mitundu iwiri ya anthu oimirira. Mnyamata, kouros, ankakhala wamaliseche. Mtsikana, kore, ankakhala wovala nthawi zonse. Umaliseche wa mwamuna unkaimira mphamvu ndi masewera a pabwalo, pamene ulemu wa mkazi unali m'nsalu.

Chimodzi mwa zakale kwambiri chinapezeka pachilumba cha Delos. Ndi chachitali ngati munthu koma chophwatalala ngati thabwa, ndipo m'mbali mwake munalembedwa kuti anachipereka kwa mulungu wamkazi Artemis ndi Nikandre, mwana wa Deinodikes wa ku Naxos, mlongo wa Deinomenes, mkazi wa Phraxos. Mkazi anapereka mphatso yodula chonchi m'dzina lake, koma kuti adziwike panafunika mayina a amuna atatu.

Chokhudza mtima kwambiri ndi cha Phrasikleia, chimene chinafukulidwa mu 1972 ku Merenda, kum'mawa kwa Athens. Anachisema Aristion wa ku Paros cha m'ma 540 BC kuti chiime pamanda. Mtsikanayo wagwira duwa losamasula pachifuwa, wavala ndolo, mkanda ndi nkhata ya maluwa kumutu, monga mkwatibwi. Mawu a pansi akulankhula ngati iye mwini, kuti adzatchedwa namwali mpaka kalekale, poti milungu inamupatsa dzina limenelo m'malo mwa ukwati. Banja linalira imfa yake poloza ukwati umene sunachitike, chifukwa kwa iwo moyo wa mtsikana unkalunjika kumeneko.

Atsikana ambiri a mtunduwu anapezeka paphiri la Acropolis mu Athens, ndipo anasungika chifukwa cha tsoka. Mu 480 BC asilikali a ku Persia anatentha akachisi ndi kugwetsa ziboliboli. Anthu a mu Athens atabwerera anakwirira zoswekazo paphiri pomwepo, ndipo zinakhala m'nthaka mpaka zaka za m'ma 1880. Zambiri zinali mphatso za amuna kwa mulungu wamkazi Athena. Chachikulu kwambiri, chopitirira mamita 2, chimaikidwa pamwala wonena kuti anachipereka ndi Nearchos, ndipo anachisema ndi Antenor. Kaimidwe ka atsikanawa n'kofanana: dzanja limodzi lakoka nsalu pambali pa ntchafu, lina latambasuka kutsogolo litagwira chipatso kapena mbalame. Dzanja lotambasukali ndi limene limasowa pafupifupi pa zonse. Kulisema pamwala womwewo kukanafuna mwala wokhuthala kwambiri, wongophwanyidwa n'kutayidwa, choncho ankalisema padera n'kulilowetsa m'bowo la pachigongono. Chiboliboli chikagwa, loyamba kuchoka linali limenelo.

Utoto umene unayoyoka

Ziboliboli zimenezi sizinali zoyera. Atsikana a pa Acropolis atangotuluka m'nthaka anali ndi utoto patsitsi, m'maso, pamilomo ndi m'mphepete mwa nsalu. Ofiira ndi achikasu ankachokera ku dothi ndi ku mwala wa cinnabar, obiriwira ku malachite, mwala uja wopezeka m'migodi ya mkuwa, ndipo buluu ku azurite kapena ku utoto wa ku Egypt, umene ankaupanga potentha mchenga, laimu, mkuwa ndi mchere wa soda pamoto wofika pafupifupi madigiri 900. Ufawo ankausakaniza ndi chomata monga dzira, guluu kapena phula. Chomatacho ndi chimene chimawola, ndipo chikawola ufa umayoyoka.

Akatswiri amaupezabe. Akawalitsa tochi chopendekera pamwala, mizere imene wopaka anakanda poyamba imaoneka, ndiponso malo amene utoto wolimba unatchinjiriza mwala kwa zaka zambiri amakhala otukuka pang'ono kuposa oyandikana nawo. Kuwala kwa ultraviolet kumaonetsa maluwa ndi nyama zimene diso silingaone. Buluu wa ku Egypt amawala pa kamera ya infrared ngakhale patatsala kadontho. Ndi njira zimenezi Vinzenz Brinkmann ndi Ulrike Koch-Brinkmann anakonza ziboliboli zopakidwa utoto zimene zinayamba kuonetsedwa ku Munich mu 2003. Ntchito yawo inasintha kamvedwe ka mtsikana wotchuka wotchedwa Peplos Kore, wa m'ma 530 BC, wotalika mamita 1.18. Kutsogolo kwa chovala chake kunapezeka timabokosi ta zithunzi za nyama, chovala choyenera mulungu, ndipo ambiri tsopano amamuona ngati Artemis kapena mulungu wina wamkazi. Utoto ukachoka, mulungu amasanduka mtsikana wamba. Pa ziboliboli zokonzedwansozi, mtundu wa utoto ndi malo ake zili ndi umboni wolimba, koma kuwala kwake ndi mmene ankausanjikizira ndi zimene akatswiri amatsutsanabe.

Kuyera kumene timaona lero kuli ndi mbiri yakeyake. Mu 1764 Johann Joachim Winckelmann, amene maganizo ake analamulira maphunzirowa kwa nthawi yaitali, analemba kuti thupi lokongola limakongola kwambiri likamayera. Ogulitsa ankatsuka ziboliboli ndi asidi kuti zisangalatse ogula. Mu 1937 ndi 1938 ogwira ntchito ku British Museum anapala miyala ina ya ku Parthenon, kachisi wa Athena pa Acropolis, ndi zida zamkuwa ndi mwala wonolera kuti iyere, n'kuwononga khungu la mwala limene silingabwererenso.

Nsalu zitatu

Wodziwa nsalu zitatu angathe kuwerenga ziboliboli zambiri. Peplos inali nsalu ya ubweya wa nkhosa, yamakona anayi, yosadula ngati chitenje. Ankaipinda kumtunda kuti mpindowo ugwere pachifuwa ndi kumsana, n'kuimanga ndi mapini awiri pamapewa ndi lamba m'chiuno. Pamwala imatsika molemera, mizere yake yowongoka. Chiton inali ya bafuta, yotakata, yomangidwa ndi timabatani kuchokera paphewa kutsika pamkono, ndipo wosema ankaionetsa ndi timakwinya tating'ono tambirimbiri. Himation inali chofunda chapamwamba. Kupota ulusi ndi kuwomba nsalu inali ntchito ya akazi a panyumba, choncho nsalu yochuluka pachiboliboli inkatamanda chuma cha banja ndi manja a akazi ake nthawi imodzi.

Pambuyo pa 450 BC osema anapeza njira yoonetsera thupi la mkazi popanda kumuvula. Milungu itatu yaikazi ya kum'mawa kwa denga la Parthenon, yosemedwa pakati pa 438 ndi 432 BC, yavala nsalu yomata thupi ngati yonyowa. Pamimba, pabere ndi pabondo wosema anasalaza mwala n'kusiya timizere topyapyala, ndipo pakati pa miyendo anakumba ngalande zakuya ndi choboolera kuti mthunzi ukhalemo. Pa Nike wa ku Olympia, mulungu wamkazi wa chipambano wosemedwa ndi Paionios, wa m'ma 420 BC, mphepo ndi imene yakankhira nsalu pathupi.

Akazi 6 osenza denga la khonde la Erechtheion, kachisi womangidwa pakati pa 421 ndi 406 BC, ndi nsanamira zenizeni, aliyense wotalika pafupifupi mamita 2.3. Aliyense amene anasenzapo ndowa amadziwa kuti katundu amatsika ndi khosi lowongoka, ndipo pamwala khosi ndi pamene pali popyapyala. Wosema anawapatsa tsitsi lokhuthala lotsika kumsana kuti likulitse khosilo, anaika chonga nkhata pakati pa mutu ndi denga, ndipo mwendo wonyamula thupi anaubisa m'mapindo owongoka ngati mizere ya nsanamira, winawo n'kuupinda kuti munthuyo aoneke wopepukidwa. Mmodzi anatengedwa ndi anthu a Lord Elgin, kazembe wa Britain, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ndipo ali ku London. Asanu otsala anachotsedwa pakhondepo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 chifukwa utsi wa mumzinda unkadya mwala, ndipo ali mu Acropolis Museum, atasiyira malo mnzawoyo.

Pamanda

Mu Athens wa nthawi imeneyo mkazi wolemekezeka sankatchulidwa dzina pagulu ali moyo. Wolemba mbiri Thucydides analemba kuti Pericles, mtsogoleri wa Athens, anauza akazi amasiye kuti ulemu wawo ndi woti amuna asamawakambe, kaya powayamikira kaya powanyoza. Koma pamanda akazi ali ponseponse. Akatswiri ambiri amaloza lamulo la Pericles yemweyo la mu 451 BC, loti nzika ya Athens iyenera kubadwa kwa bambo ndi mayi amene onse ndi a mu Athens. Kuyambira pamenepo banja linali ndi chifukwa choonetsera poyera kuti mayi anali ndani.

Mwala wa Hegeso, wa m'ma 410 mpaka 400 BC, unaima m'manda a Kerameikos. Hegeso wakhala pampando, mapazi ali pa kampando kena, ndipo mdzakazi waimirira patsogolo pake atagwira bokosi. Zala za Hegeso zagwira chinthu chimene akuchiyang'anitsitsa, koma m'zalamo mulibe kanthu, chifukwa mkandawo unali wa utoto. Dzina lake lalembedwa pamodzi ndi la Proxenos, amene ambiri amati anali bambo wake. Mdzakazi alibe dzina. Timamuzindikira ndi chovala cha manja aatali chopanda mapindo ambiri ndi kansalu komanga tsitsi. Nkhope za awiriwa n'zofanana, zosalala, zopanda zaka, ndipo nkhope yomweyo ili pamiyala ina yambiri. Pa mwala wa Ampharete mayi wooneka wachitsikana wanyamula khanda, ndipo ndi mawu okha amene amatiuza kuti khandalo ndi mdzukulu wake, kuti onse awiri anamwalira. Mwala wa Phanostrate umamutcha mzamba ndiponso sing'anga, koma chithunzi chake ndi cha mayi wokhala pampando monga ena onse. Mwambo wa miyala yoteroyi unatha cha m'ma 317 BC, pamene Demetrios wa ku Phaleron, wolamulira Athens, analetsa manda odula.

Aphrodite wa ku Knidos

Cha m'ma 350 BC Praxiteles anasema Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi, ali wamaliseche, wamkulu ngati munthu, woti aime m'kachisi. Akazi osavala analipo kale m'zosema, koma anali ovulazidwa, ogwidwa pankhondo kapena oimba m'maphwando a amuna. Kuvula mulungu amene anthu ankamupembedza kunali kwachilendo. Pliny, Mroma amene analemba patapita zaka 400, akuti Praxiteles anagulitsa ziboliboli ziwiri pamtengo umodzi, ndipo anthu a ku Kos anasankha chovala nsalu poona kuti n'chaulemu, a ku Knidos n'kutenga chotsalacho. Chimenecho ndicho chinatchuka, anthu n'kumayenda panyanja kuti akachione. Mfumu Nicomedes inalonjeza kulipira ngongole zonse za mzindawo kuti ichitenge, koma eni ake anakana.

Chiboliboli chenichenicho kulibe. Chinatengedwa kupita ku Constantinople ndipo chinapsa pamoto cha m'ma 475 AD. Timachidziwa kudzera pa ndalama za ku Knidos ndi pa zotengera zimene Aroma anasema. Aphrodite ali pa kusamba, dzanja lamanja lili kutsogolo kwa chinena, lamanzere lagwira nsalu pamwamba pa mtsuko. Mtsuko ndi nsaluyo zikufotokoza chifukwa chake wavula, koma zilinso ndi ntchito ina. Mwala wa mabo umalemera pafupifupi matani 2.7 pa kyubiki mita imodzi, ndipo akakolo awiri opyapyala sangathe kunyamula thupi lonse. Mtsuko ndi mwendo wachitatu.

Dzanja lamanja lija lakhala likukanganitsa akatswiri. Ena amati ndi manyazi a mkazi wodzidzimutsidwa, ndipo chiboliboli chimaika woonera pamalo a munthu wosuzumira. Ena amati mulunguyo akuloza pamene pali mphamvu yake ya chikondi ndi kubereka, ndipo kwa Mgiriki kuona mulungu akusamba kunali koopsa. Onse awiri ali ndi poimira. Amalinyero ndi akazi ofuna ukwati ankapembedza Aphrodite moona mtima, komabe nkhani zimene amuna akale analemba za chibolibolichi n'zachilakolako. Osema otsatira anakokera kumbali ya manyazi: pa Venus (dzina la Aphrodite kwa Aroma) wa ku Capitoline, nyumba yosungira zakale ku Roma, manja onse awiri akuphimba, mapewa awerama. Pali chinthu china chimene sichikambidwa kawirikawiri. Amuna amaliseche ankasemedwa ndi ziwalo zonse, mpaka tsitsi la pachinena, pamene pa akazi wosema ankangosalaza mwala. Ngakhale atavulidwa, thupi lake linali lokonzedwa.

Zitatha izi osema anatembenukiranso kwa okalamba. Nkhalamba yoledzera ya ku Munich yakumbatira mtsuko wa vinyo, mitsempha ili pakhosi, mano atatha, koma ili ndi mphete kuzala ndi nsalu yabwino. Makwinya ankaloledwa pa anthu opanda dzina ngati ameneyu, osati pa mwana wa banja lolipira.

Chifukwa chake manja kulibe

Venus de Milo anapezeka mu 1820 pachilumba cha Melos, ndipo anasemedwa pakati pa 150 ndi 125 BC. Ndi wotalika pang'ono kupitirira mamita 2, ndipo ndi miyala iwiri ikuluikulu yokumana m'chiuno, msoko wake utabisika m'mpukutu wa nsalu. Mkono wamanzere ndi phazi lamanzere zinali zapadera. Polumikiza, ankaboola mbali zonse ziwiri, kulowetsa chitsulo, n'kuthira mtovu wosungunula kuti madzi asafike pachitsulocho. Mtovu ukapanda kuzungulira bwino, chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbiri limafufuma, mwala n'kung'ambika kuchokera mkati. M'zaka zapambuyo pake anthu ankaswanso dala malo olumikizawo pofuna chitsulo ndi mtovu. Pafupi ndi chibolibolicho panapezeka dzanja logwira apozi ndi mwala wa dzina la wosema wa ku Antioch wa pamtsinje wa Maeander, umene unasowa chitafika ku Paris. Timabowo ta m'makutu, pamutu ndi pamkono tikusonyeza kuti anali ndi ndolo, chomangira tsitsi ndi chibangili zachitsulo. Nike wa ku Samothrace, wopezeka mu 1863, nayenso ndi wa zidutswa, ndipo phiko lake lamanja ndi la pulasitala, lotengera lamanzere.

Ziboliboli zambiri zotchuka za Agiriki zinali zamkuwa, ndipo zinasungunulidwa. Zimene timaona ndi za Aroma, amene ankadinda chikombole pa choyambiriracho, kuthiramo pulasitala, n'kumayeza kuchokera pa pulasitalayo posema mwala. Ku Baiae, pafupi ndi Naples, kunapezeka zidutswa za pulasitala zoposa 400 za ntchito imeneyi, zina za Amazon, akazi ankhondo a m'nthano. Mkuwa ndi wamphako ndiponso wolimba, choncho mkono ungatambasuke popanda chochirikiza. Pamwala sizitheka, n'chifukwa chake mukaona chitsa cha mtengo pambali pa mwendo, kapena kamtanda kamwala kolumikiza dzanja ndi ntchafu, kawirikawiri ndiye kuti choyambirira chinali chamkuwa.

Chenjezo lina ndi la mitu. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 okonza ziboliboli ku Roma ankaika mutu uliwonse wakale pathupi lililonse losowa mutu, n'kuwonjezera mphuno ndi manja atsopano. Poyesa, akatswiri amayang'ana ngati mwala wa mutu ndi wa thupi uli ndi timiyala tofanana kukula, ngati posweka pakugwirizana kapena panachekedwa mowongoka, ndiponso ngati minofu ya khosi ikupita kumene mutu wayang'ana.

Ku Roma: dzina, tsitsi ndi thupi la mulungu

Aroma poyamba sankafuna ziboliboli za akazi amoyo pabwalo. Cato Wamkulu, ali pa udindo mu 184 BC, anadandaula kuti m'zigawo akuimika ziboliboli za akazi achiroma. Cornelia, mayi wa abale awiri a Gracchus, andale otchuka a ku Roma, anapatsidwa chamkuwa atakhala pansi, ndipo mwala wake woimikapo ulipobe ku Capitoline, ukumutcha mwana wa Africanus ndi mayi wa a Gracchus. Zinthu zinasintha mu 35 BC, pamene Octavian, amene anadzakhala mfumu Augustus, anapezera mlongo wake Octavia ndi mkazi wake Livia ufulu wokhala ndi ziboliboli pagulu ndi woyendetsa chuma chawo popanda wowayang'anira.

Livia anamwalira mu 29 AD ali ndi zaka 86, koma pamwala sanakalambe. Tsitsi lake loyamba ndi losavuta, kampukutu pamphumi ndi mfundo kumbuyo, loyenera mayi wa makhalidwe akale amene Augustus ankalalikira m'malamulo ake a ukwati a mu 18 BC. Nthawi zina wavala stola, chovala cha mkazi wokwatiwa mwalamulo, chimene chimadziwika ndi timalamba tiwiri pamapewa. Ulemuwu unkathanso kulandidwa. Messalina, mkazi wa mfumu Claudius, ataphedwa mu 48 AD, nyumba ya malamulo inalamula kuti dzina lake ndi ziboliboli zake zichotsedwe paliponse.

Tsitsi ndi kalendala ya wofukula zakale. Ndalama za Aroma zili ndi nkhope za akazi a mafumu pamodzi ndi mayina, choncho kapesedwe kalikonse kali ndi zaka zake, ndipo mutu wopanda dzina ungayerekezedwe nazo. Kumapeto kwa zaka 100 zoyambirira AD kunabwera mulu wautali wa tsitsi lopotana pamphumi, monga pa mutu wotchedwa Fonseca ku Capitoline. Wosema ankaboola pakati pa mphete iliyonse ya tsitsi, n'kulumikiza mabowowo mosamala, poti khoma lotsala pakati pa mabowo awiri likapyapyala limathetheka. Nkhope ankaipukuta mpaka kuwala kuti isiyane ndi mdima wa m'tsitsi. Kwa nthawi yaitali anthu ankati zonsezi zinali mawigi. Mu 2008 Janet Stephens, wokonza tsitsi wa ku Baltimore, anasonyeza kuti masitayilo ambiri angatheke ndi tsitsi la munthu mwini ngati malukowo asokedwa ndi singano ndi ulusi, monga amachitira mu saluni posokerera wivi. Wosoka anali kapolo wotchedwa ornatrix. Mutu woterewu unkauza woona kuti mayiyu ali ndi anthu omutumikira ndi nthawi yokhala pansi. Mawigi analiponso, makamaka m'nthawi ya Julia Domna, mkazi wa mfumu, cha m'ma 200 AD, ndipo osema ena ankaonetsa dala tsitsi lenileni likusuzumira pansi pa wigi pafupi ndi khutu.

Kubwereka thupi kunafika pachimake pa ziboliboli za pamanda zimene zimadabwitsa alendo ambiri. Ku Ny Carlsberg Glyptotek mu Copenhagen kuli mayi wa nkhope yokhwima, milomo yotseka, tsitsi la mulu lija, ndipo pansi pa khosi pali thupi lamaliseche la Venus wa ku Capitoline. Mroma sankaona mayi wovulidwa. Ankadziwa kuti thupilo ndi la Venus, lovalidwa ngati chovala, lonena kuti malemuyo anali wokongola ndi wobereka, pamene nkhope inkanena kuti anali wodziletsa.

Matupi a ku Herculaneum aja ankagwira ntchito yomweyo kwa akazi opereka chuma kumizinda yawo. Manja omangika m'nsalu ankanena kudzichepetsa, ngakhale mwini dzina anali munthu wamphamvu. Ku Pompeii, Eumachia, wansembe wa mzinda, anamanga ndi ndalama zake nyumba yaikulu pabwalo la msika, ndipo ochapa ndi kukonza nsalu anamuimikira chiboliboli chofunda kumutu, cha nkhope yofatsa yosanena kanthu za iye. Ku Perge, kum'mwera kwa Turkey, Plancia Magna anakonzanso chipata cha mzinda cha m'ma 120 AD. Chiboliboli chake, chimene chili ku Antalya, n'chofundidwa ngati cha mayi wina aliyense wolemekezeka, koma pachipatapo mwambo wa Nikandre unatembenuzika: amuna awiri a m'banjamo analembedwa kuti bambo wa Plancia Magna ndi mlongo wa Plancia Magna.

Thupi la mkazi linkabwerekedwanso kuti liimire dziko logonjetsedwa. Ku Aphrodisias mfumu Claudius yagwira tsitsi mkazi wogwa pansi, bere lili pamtunda, ndipo pansi palembedwa kuti Britannia. Kutamanda mayi wofunda ndi kunyazitsa wogwidwa zinkachokera m'maganizo amodzi, oti nsalu ya mkazi ndi ulemu wa amuna ake.

Akazi ogwira ntchito amaoneka kwambiri pamanda a anthu wamba ndi a akapolo omasulidwa. Ku British Museum kuli mwala wa m'ma 80 BC wa Aurelius Hermia, wogulitsa nyama, ndi mkazi wake Aurelia Philematium, amene akukweza dzanja la mwamunayo kukamwa kwake. Mawu ake akuti mwamunayo anayamba kumusamala ali ndi zaka 7, onse ali akapolo a nyumba imodzi, ndipo mkaziyo anamwalira ali ndi zaka 40. Ku Isola Sacra, manda a pafupi ndi doko la Ostia, kuli kachithunzi ka dongo lowotcha ka m'zaka za m'ma 100 AD, komatidwa pakhoma la manda a Scribonia Attice, amene ambiri amati anali mzamba. Mayi woyembekezera wakhala pampando woberekera atagwira zogwirira, mkazi wina wamugwira m'khwapa kuchokera kumbuyo, ndipo mzamba wakhala pakampando kafupi, dzanja lili pakati pa miyendo ya mayiyo, nkhope atayang'ana kumbali, monga madokotala a nthawiyo ankalangizira kuti wobereka asachite manyazi. Mbali ina ya khomo kuli mwamuna wa Scribonia, Marcus Ulpius Amerimnus, akuchiza mwendo wa wodwala. Mawu a pamwamba akuti mandawo anamanga ndi Scribonia, kuti akhale ake, a mwamuna wake, a mayi ake ndi a akapolo ake omasulidwa, kupatula awiri, Panaratus ndi Prosdocia, amene anawatchula mayina kuti asadzaikidwemo.